Kukatapa Dothi la Fanuwelo ku Karonga

Chaka chimene kolera anavuta kumpoto, wapolisi wa pa Ntcheu anabwera kwathu pa njinga kudzatiuza kuti mlongo wanga Fanuwelo wamwalira ku Karonga, ndipo anamuika kale. Fanuwelo anali mlangizi wa zaulimi ku Lupembe. Boma ndi limene linamutumiza kumeneko kukaphunzitsa anthu kulima mpunga, chikhalirecho kwathu mpunga tinkangouona pa Khirisimasi. Wapolisiyo ananena mawu akewo ali chiimire, n'kukwera njinga yake.

Amayi anakana kulira. Anati iwo sangalire mawu a wapolisi, maliro munthu amalira ataona. Anthu anasonkhana, akumpingo anabwera ndi nyimbo zawo, koma mwini maliro ali khale pakhonde, maso ali kumsewu. M'mawa uliwonse ankasesa m'nyumba ya Fanuwelo, kudya anangosiya, ndipo tinayamba kuona kuti tikachedwa tiika maliro enieni pakhomo pomwepo. Akuluakulu anagamula zimene makolo ankachita munthu akafera kutali: wina apite akatape dothi la pamanda pake, libwere kumudzi, liikidwe m'manda a kwathu, ndiye maliro alirike, anthu amete.

Abambo anati apita okha. Ine ndinati sizitheka. Munthu woti maso ayamba kuchita nkhungu, Lilongwe yemweyu sanapondeko, angakafike bwanji ku Karonga? Ndinasiya ana kwa apongozi, makina anga osokera n'kuwafunditsa nsalu. Amayi anatipatsa mpango wawo woyera wa kumvano kuti tikamangemo dothilo. Tikutuluka anandikokera pambali n'kundiuza kuti ndikakamupeza ali moyo ndikamuuze abwere msanga.

Za pakati pa Ntcheu ndi Mzuzu sindinena zambiri. Basi inali yodzaza, denga likudontha, ndipo pa depoti iliyonse anyamata a chipani ankakwera kudzaona makadi. Khadi la abambo linali litanyowa mpaka chaka osaoneka bwino, ndiye pa Kasungu anawagulitsa lina. Sanatsutse. Masiku amenewo wotsutsa ankatsala pa depoti, ndipo ena otsalawo sankaonekanso.

Pa Mzuzu ndi pamene tinayamba kuphunzira kudikira. Basi ya ku Karonga inali isakuyenda tsiku lililonse, ndipo wogulitsa matikiti ankangoti mwina mawa. Tinakhala pa benchi imodzi ndi mayi wina wa ku Uliwa, wogulitsa usipa, amene ankabwerera kwawo ndi madengu opanda kanthu chifukwa anthu a ku Mzuzu anali atasiya kugula nsomba za kwawoko. Matendawo sankawatchula dzina. Ankangoti zam'mimbazi, ndiponso motsitsa mawu, chifukwa wailesi inali isananene kuti kuli mliri, ndipo kunena chimene wailesi sinanene kunali kuipitsa mbiri ya boma. Anandiuza kuti munthu amadzuka bwinobwino, kukalima, pofika madzulo maso alowa m'kati. Ndinamupempha kuti asanene zimenezo abambo akumva, koma anali atamva kale.

Basi itapezeka tinadutsa Rumphi n'kuyamba kutsetsereka ku Chiweta, mabuleki akununkha ngati chikopa chopsa, amayi ena akupemphera mokweza. Kumunsiko kunali kotentha moti malaya ankamata pamsana. Pa Chitimba tinapeza mtengo atapingasa pamsewu, apolisi ndi azaumoyo ali pambali. Tonse anatitsitsa. Aliyense anasamba m'manja m'beseni la madzi onunkha mankhwala, n'kumeza makapisozi iwo akuona. Chakudya chilichonse chophika, mango, nsomba, zonse ankaponya m'dzenje limene anakumba pambali pa msewu. Nkhuku yootcha imene amayi anatikonzera, imene tinkaidya pang'onopang'ono kuti itifikitse, inalowa momwemo.

Kenako ankafunsa aliyense chimene akukachita ku Karonga. Abambo, munthu woti bodza sankalidziwa, anayankha kuti akupita ku maliro. Wazaumoyoyo anati maliro ndi oletsedwa m'boma lonselo, abwerere. Ndinachita kulowererapo, kunena kuti nkhalambayi yasokonezeka ndi ulendo, ife tikukatenga katundu wa wantchito wa boma amene anamwalira. Anatiyang'ana nthawi yaitali asanatilole. Titakwera, abambo anandifunsa ngati analakwa. Ndinawayankha mwaukali kuti kuyambira pamenepo azingokhala chete, woyankhula ndikhale ine, ndipo mpaka lero mawu amenewo amandiwawa kuwakumbukira.

Pa Uliwa basi inaima osapitirira. Kutsogolo mtsinje unali utadya dothi la m'mbali mwa mlatho, ndipo dalaivala anati iye saika moyo wake pachiswe. Msika unali wotseka, malo a tiyi otseka, ndipo ngakhale madzi anali ponseponse, m'maenje, m'minda, m'ngalande, panalibe woti n'kumwa. Mayi wa usipa uja anapita kwawo n'kutibweretsera madzi owiritsa m'botolo. Anaika botololo pansi n'kubwerera m'mbuyo kuti titole tokha. Kumeneko anthu anali atasiya kupatsana moni wa m'manja, ndipo kwa ife a ku Ntcheu zinkaoneka ngati aliyense watikwiyira.

Tili pomwepo inafika ngolo ya ng'ombe itanyamula mwamuna wodwala, miyendo ili lendelende, madzi akudontha m'matabwa a ngoloyo. Abale ake anapempha dalaivala wa lole ina kuti awathandize kukafika ku chipatala, iye anakana. Ngoloyo inapitirira pang'onopang'ono, anthu akupatuka, atagwira pakamwa. Abambo anavula chipewa ngakhale munthuyo anali adakali moyo.

Tsiku lotsatira tinawoloka mtsinjewo wapansi, n'kukwera matola pa lole ya mpunga mpaka ku Lupembe. Nyumba ya Fanuwelo tinaipeza yokhoma, makoma ali mbuu ndi mankhwala, panja pali phulusa pamene anatenthera mphasa ndi zofunda zake. Aneba anatipepesa ataima patali. Anati anali munthu wabwino, ankaseka nawo poyesa Chinkhonde chake chokhotakhota. Atadwala anamutengera ku msasa wa odwala ku boma, ndipo kumeneko womwalira sankaperekedwa kwa abale. Ankamukulunga m'pulasitiki, akaidi n'kukamuika tsiku lomwelo. Abambo atamva mawu akuti akaidi anakhala pansi, pamatope pomwepo. Kwathu woikidwa ndi akaidi ndi munthu wopanda mbale, wotoledwa pamsewu.

Ku boma anatiyendetsa ofesi ndi ofesi. Pomaliza kalaliki wina anatiuza kuti amene angadziwe manda ndi wazaumoyo amene ankaperekeza akaidiwo, koma anali atapita ku midzi ya kumalire kukathira mankhwala m'zitsime. Za tsiku lobwera panalibe wodziwa. Tinapeza chipinda pa nyumba yogona alendo, ndipo alendo ake tinali ife tokha.

Mlonda wa pamenepo anali a Mwakalinga, bambo wamtali wowonda, wa zaka ngati za abambo, wovala jekete la khaki ngakhale kunja kukuotcha. Anatiuza kuti matenda asanabwere iwo ndi amene ankaonetsa azungu ndi ana asukulu malo akale a m'Karonga, ndipo panalibe wina wowadziwa kuposa iwo. Pakamwa pawo sipankatsekeka. Atationa tikungokhala pakhonde tsiku lonse, anabwera n'kuima patsogolo pa abambo.

"Dada, mukakhala chonchi mudwala maghanoghano, maganizo akuphani. Tiyeni mukaone Karonga. Sindikufuna ndalama, yayi."

Ine zinandinyansa. Anthu tabwera ndi chisoni, mwana sitinamupeze, wina akuti tikaone malo ngati tili pa holide? Ndinayamba kuwakanira, koma abambo anatenga chipewa ndi ndodo yawo n'kuimirira. Ndinatsatira ndikung'ung'udza, chifukwa sindikanawasiya ayende okha.

Anayamba kutionetsa mzinga wankhondo wakale umene uli pafupi ndi maofesi, pansi pake mbuzi zitabisala dzuwa. A Mwakalinga anathamangitsa mbuzizo, n'kuimirira mowongoka ngati msilikali, n'kuyamba kulakatula za nkhondo ya azungu ndi Aarabu ogula akapolo, mawu okhaokha amene anazolowera kuuza ana asukulu. Pena ankaima kudikira kuti tiseke, ife osaseka. Kenako anatitengera pa mlambe waukulu umene ankati asilikali ankakwerapo kuti aone adani akubwera, n'kutilozera mabowo amene ankati ndi a zipolopolo. Tauni yonse inali zii. Sukulu zotseka, mabala otseka, m'misewu mukungodutsa ngolo ndi galimoto imodzi ya chipatala imene inkapita ndi kubwera.

Mawa lake tinakwera ngolo kutsata msewu wa ku Chitipa kukaona pamene panali linga la mtsogoleri wa Aarabu aja. Tinayenda mtunda wonsewo kukangoona mizere ya dothi m'munda wa chinangwa. A Mwakalinga ankaloza uku ndi uku, apa panali chipata, apa ankasungira akapolo, apa anamupachika. Ine ndinkangoona chinangwa, ndipo ndinawauza choncho.

Pobwerera anatipatutsira kunyumba kwawo kuti tikaone chimene ankachitcha chuma chawo. Anatulutsa chinthu chokulunga m'chiguduli, chachikulu ngati mtondo, cholemera ngati mwala. Anati ndi fupa la chinyama chimene chinafa anthu asanalengedwe, ndipo kumapiri a kumwera kwa boma kuli ambiri. Azungu amachoka kutsidya kwa nyanja zazikulu kudzawafukula, amawapukuta ndi timaburashi, lililonse n'kulilemba nambala. Abambo analisisita fupalo, n'kunena kuti chinyamacho chinali ndi mwayi, chili ndi ochifunafuna. Ine maso anga anali pakhomopo. Bwalo losasesa, miphika yosatsuka ntchentche zili ng'waa, chitenje chili pachingwe chouma kalekale mpaka kuchita nguwi. Palibe anatuluka kudzatilonjera. Mumtima ndinati akazi a pakhomo pano ndi aulesi, nthawi ya matenda ngati ino n'kumasiya mbale chonchi.

Malo omaliza anali manda a asilikali a nkhondo ya Ajeremani. Anali ndi mpanda wake ndi kageti, udzu wotchetcha bwino, miyala yoyera ili ndondondo, uliwonse ndi dzina lake. A Mwakalinga anati ngakhale nthawi ya mliriyi akaidi amabwerabe kudzatchetcha, chifukwa eni ake kunjako amafunsa. Mbali ina kunali Angerezi, mbali ina Ajeremani amene ankaphana nawowo, onse osamalidwa chimodzimodzi. Abambo anandiuza kuti ndiwawerengere mayina. Ndinawerenga movutika, lilime likupindika, iwo akugwedeza mutu pa dzina lililonse. Nditamaliza anafunsa kuti nanga amtengatenga, anthu akuda amene ankasenza katundu wa asilikaliwo, anaikidwa kuti. A Mwakalinga anatambasula dzanja kuloza tchire, minda, mapiri, n'kunena kuti ponseponse.

Pamenepo abambo anandiuza zimene anali asanandiuzepo. Ndinkadziwa kuti agogo anafera ku nkhondo, koma sindinkadziwa kuti kunali kuno. Agogowo anawagwira kumudzi abambo adakali khanda lokwawa, kuwasenzetsa bokosi, ulendo wa kumpoto, osabweranso. Palibe anapita kukatapa dothi, chifukwa panalibe wodziwa pokatapa. Mayi a abambo anakalamba mpaka kufa asanamete, akuyembekezabe.

"Nangozo," anandiitana ndi mfunda wanga, "dziko lino landidyera bambo, landidyera mwana. Amako sindilola kuti afe ngati amayi anga. Opanda dothi ine sindibwerera."

Kuyambira pamenepo ndinasiya kung'ung'udza. Mantha anandigwira, chifukwa ndalama zinali kutha, abambo anali kufooka, ndipo ndinkawadziwa kuti akanena chinthu sabweza.

Wazaumoyo uja anabwera patapita masiku. Anali mnyamata wa ku Mulanje, maso ofiira chifukwa chosagona, manja osupuka ndi mankhwala. Anavomera kutiperekeza m'mawa asanayambe ntchito. Ndinaitana a Mwakalinga kuti tipite limodzi, poti malo onse a m'Karonga anali awo, koma kwa nthawi yoyamba anakana. Anati mwendo ukuwapweteka. Titayenda ndithu ndinacheuka n'kuwaona akutitsatira patali, osatsimphina n'komwe.

Malowo anali kuseri kwa tauni, patchire pamene anangolambula mwachangu. Panalibe mpanda. Mitumbira inali m'mizere, mvula itaiphwanya mpaka ina kulumikizana, apa ndi apo pakuoneka laimu woyera. Pa mtumbira uliwonse anazikapo kamtengo kokhala ndi kachikatoni kolembapo dzina, koma makatoniwo anali atasungunuka, timitengo tina titagwa, tina chiswe chitadya. Mnyamatayo anayenda n'kukaima pa mzere wina. Anati mlangiziyo akumukumbukira bwino, anaikidwa tsiku limodzi ndi anthu ena angapo, ndipo onsewo ali mumzere umenewu, kuyambira apa mpaka pachitsa apo. Koma kuti ndi mtumbira uti, sakudziwa.

Ndinamukalipira mnyamata uja mawu amene sindingawabwereze. Ndinamuuza za miyala yoyera ya Ajeremani, za fupa lolembedwa nambala, za mayi amene akufa ndi njala pakhonde ku Ntcheu. Anangoima, manja ali kumbuyo. Nditatopa anati akanatha kungoloza uliwonse kuti tizipita, koma akanakhala akunama, ndipo watopa kunama. Anatichenjeza kuti tisakumbe, titape pamwamba pokha, tikatha tisambe m'manja ndi mankhwala amene anabweretsa m'botolo.

Abambo anaima nthawi yaitali akuyang'ana mzerewo. Kenako anagwada pa mtumbira woyamba, anayala mpango wa amayi, anawomba m'manja katatu monga tichitira kumanda, n'kutapa dothi pang'ono ndi nsonga za zala. Anakwawa ndi maondo kupita pa wachiwiri, n'kuchita chimodzimodzi. Ndinazindikira kuti akufuna kutapa pa mtumbira uliwonse, kuti mwa onsewo Fanuwelo asatsale.

Akutambasula dzanja pa wachitatu, a Mwakalinga anatulukira n'kuwagwira pamkono. Chifikireni m'Karonga ndinali ndisanaone munthu akugwira mnzake.

"Dada, imani. Mwana wanga ali mumzere womwewu. Nanenso sindikudziwa kuti ali pati. Mukatapa ponse, mumutenga."

Anatiuza, mawu akutuluka pang'onopang'ono, kuti anali mwana wawo wamkazi mmodzi yekhayo, amene ankawasunga chimwalirireni mayi ake. Chitenje chija pachingwe anachapa yekha m'mawa wa tsiku limene anadwala. Kwawo kwa Ankhonde maliro amalira ndi ng'oma, mudzi wonse kubwera, ng'ombe kuphedwa, koma iwo anangouzidwa pa geti la msasa kuti zatha, azipita kunyumba, asasonkhanitse anthu. Kumandako anali asanapondeko. Malo ena onse ankatha kuwaonetsa anthu, awa okha ayi.

Abambo anakhala chogwada, dothi lili pa zala. Anapepesa, n'kunena kuti sangatenge mwana wa mwini popanda chilolezo, ndipo ngati a Mwakalinga akana, abweza ngakhale limene atapa kale. Ine m'maganizo ndinaona amayi pakhonde paja, ndinaona ulendo wonse uja ukupita pachabe.

A Mwakalinga sanawasiye mkono. Anayang'ana mitumbira ija umodzi umodzi, kenako anafunsa:

"Kwanu ku Ntcheu, kulira amalola?"

"Amalola," anatero abambo.

"Anthu amabwera? Amagona pa maliro, kuimba?"

"Amabwera mudzi wonse."

Anawasiya mkono uja, n'kugwada pambali pawo. Anatapa okha dothi la pa mtumbira wachitatu n'kuliika pa mpango.

"Ndiye mutengeni. Sanapiteko kutali, Chilumba yomweyi ndiye mapeto. Mukamulireko, dada. Dzina lake ndi Tupokiwe."

Anamaliza mzerewo awiriwo, wina mbali iyi wina mbali iyo, akukwawa pamatope. Abambo anamanga mpango uja n'kuubisa m'kati mwa malaya, ndipo pa Chitimba pobwerera sanatsegule pakamwa.

Titafika kumudzi amayi anali pakhonde pomwe paja, atatha ngati bango. Abambo anagwada n'kuika mpango uja m'manja mwawo. Anauyang'ana, anaumasula, anagwira dothilo, ndipo kulira kumene anakusunga nthawi yonse ija kunatuluka mpaka kutsidya kwa dambo anamva. Anthu anabwera mudzi wonse, akumpingo anaimba, tinakumba kadzenje pafupi ndi manda a makolo.

Pa nthawi yotsitsa, mkulu wa mpingo anatchula dzina la Fanuwelo n'kutsegula buku kuti apemphere. Abambo anakweza dzanja kuti adikire. Anaimirira ndi ndodo yawo, n'kuuza anthu kuti amene tikuika pano si mmodzi, pali ana a eni ake amene mayina awo sitikuwadziwa, ndipo pali mmodzi amene bambo wake anatituma. Dzinalo linawavuta kutchula, anachita kulibwereza. Anthu anayang'anana, chifukwa kwathu dzina lotero linali lisanamvekepo.

Amayi sanafunse kuti ameneyo ndani. Anangoyambiranso kulira, akuitana Fanuwelo, akuitana Tupokiwe, ndipo amayi a m'mudzi analandira dzinalo n'kumalira nalo.